Kiyi Wachiwiri wa Galimoto Yanga

1

Kwa apongozi anga dzina langa salitchula, ati limawadwalitsa mutu. Akuti ndine mkazi wouma mtima, ndinavula mwana wawo pagulu. Sindikukana. Ndinamuvuladi, ndipo mutandibwezera tsiku limene lija ndingachitenso chimodzimodzi, kungowonjezerapo hutala. Koma musanandiweruze, khalani pansi mumve kumene zinayambira.

Ine ndine mzamba. Manja angawa alandira ana ambiri moti ena ndikakumana nawo mumsewu amakhala atamera kale ndevu. Amuna anga anali ophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo aliyense, ngakhale mayi awo owabereka, ankawatcha Aphunzitsi. Anaphunzitsa tauni yonse kupatula munthu mmodzi yekha, ine.

"Tikadzagula yathu ndidzakuphunzitsa bwinobwino," ankatero. "Iwe ndi mantha akowo ungandigwetsere galimoto ya eni m'ngalande."

Ndinkaseka, poti nthawi imeneyo ndinkaseka chilichonse chimene anena.

Kenako ababa anga anafa ziwalo mbali ya kumanja, ine n'kuwatenga kuti tizikhala nawo. Munthu amene ankakwera padenga kukhoma malata anasanduka woyenda pachikuku chamatayala, wosowa womunyamula. Madokotala anati akamachita mafizo kuchipatala mosadumphitsa, mwendo ndi mkono zikhoza kudzuka. Kulankhula n'kosavuta. Inu munayesapo kukweza bambo anu m'minibasi muli ndi chikuku kumanja? Makondakitala akationa pasiteji ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Wina akaima, anthu ankang'ung'udza kuti tikuwachedwetsa, ndipo ababa ankagwetsa nkhope n'kumapepesa ndi pakamwa pawo popotokapo. Kupepesa kumeneko n'kumene kunkandidya mtima.

Ndinalumbira kuti ndigula galimoto, yatsopano, yoti isamatifere panjira. Ndinachita kudzimana, ndinagulitsanso kapuloti kamene amayi anandisiyira. Tsoka lake, nthawi imeneyo magalimoto atsopano ankasowa ngati mano a nkhuku. Mayi wogulitsa magalimoto anatifotokozera kuti m'galimoto zamakono mumakhala tizipangizo ta kompyuta, tating'ono ngati chikhadabo, ndipo popanda timeneti galimoto siyaka, mabuleki saganiza, ngakhale galasi silitsika. Mafakitale opanga timeneti anatsekedwa nthawi ya mliri ija, ndipo atatsegula, opanga mafoni ndi makompyuta anali atatiphangira kale. Kunja uko magalimoto anangoti mbwee m'mabwalo, atapentedwa kale, matayala ali pompo, koma ali duu ngati anthu okomoka. Ine dzina lake lachingerezi linandikanika, ndinkangoti tiubongo.

"Mzere ndi wautali," anatero mayiyo, "koma ogwira ntchito m'chipatala tikuwaika kutsogolo. Ilembedwe m'dzina lanu, mayi."

Aphunzitsi anavomera msangamsanga. Poti ine ntchito yanga ilibe nthawi, mwana akafuna kubadwa safunsa, ndinasaina kuti galimoto ikadzafika amuna anga adzanditengere. Nambala ya foni tinasiya yawo.

2

Tinadikira. Mvula inabwera n'kupita. Ndikafunsa, yankho linali lomwelo.

"Tiubongo tako tija sitinafike. Ukufuna ndikapange ndekha?"

Ndinalibe chifukwa chokayikira. Pawailesi nkhani inali yomweyo, ndipo dokotala wina kuntchito kwathu anadikira mpaka anangogwa mphwayi n'kugula njinga yamoto. Ababa okha ndi amene ankandiseka.

"Mwanawe, galimoto yakoyo ndidzakwera ndili khale kapena ndili chogona?"

"Muli khale, ababa. Mpando wakutsogolo ndi wanu."

Pafupi ndi chipatala chathu panali saluni, ndipo mwini wake anali mnzanga. Tinkamutcha Nsidze, chifukwa zake zenizeni anazimeta n'kumajambula zina pamwamba, moti nthawi zonse ankaoneka ngati wangomva nkhani yodabwitsa. Ankandiluka tsitsi, ine n'kumamukhuthulira za kumtima, monga mmene akazi timachitira mutu ukakhala pa maondo a mnzako. Tsiku lina ndili pasiteji, galimoto yoyera, yonyezimira, inaima pamaso panga, galasi n'kutsika. Anali Nsidze.

"Asisi, kwerani. Malume anga akunja andikumbukira."

Ndinamusangalalira ndi mtima wonse. Mkati munkanunkhira pulasitiki watsopano. Pansi pa wailesi panali kabowo kotsekedwa ndi kachivundikiro kakuda, ndipo anandiuza kuti pamenepo pankayenera kukhala kachipangizo kotchajira foni, koma akufakitale anatumiza galimoto popanda chimenecho chifukwa cha kusowa komwe kuja. Kiyi nayenso anali mmodzi yekha, ndipo ankamuvala m'khosi pa kachingwe ngati mkanda.

Aphunzitsi atamva anati, "Ndiye mnzakoyo azikutenga m'mawa, usiye kundilirira za minibasi."

Kuyambira pamenepo ndinkakwera tsiku ndi tsiku. Ndinkapukuta nsapato ndisanalowe. Ndinkatseka chitseko monyengerera. Potsika ndinkati zikomo kawiri, nthawi zina n'kumugulira zipatso.

Tsiku lina kunacha ndi mvula yamphamvu, ndipo linali tsiku la mafizo. Ndinalimba mtima n'kupempha.

"Amwali, lero lokha, titengereniko ababa. Chikuku chimapindika, chilowa kumbuyoku."

Nsidze zija zinakwera mpaka kufika m'tsitsi.

"Asisi, musandimvere molakwa. Zitsulo zimenezo zingandikalire mipando. Ndiye odwala aja nthawi zina sadzigwira, fungo lake silichoka."

Galimoto ndi yake, ndinadziuza, wopempha sakwiya. Tinapita pa minibasi. Potsika, kondakitala anafulumira kusiya mkono, ababa n'kuterereka pa sitepe yonyowa, kugwera m'matope chammbali. Anathyoka nthiti. Mafizo anaima kwa nthawi yaitali, ndipo mwendo umene unayamba kugwedera unagonanso. Aphunzitsi anapukusa mutu mwachisoni kwambiri, n'kutukwana azungu opanga tiubongo.

3

Masana ena ndikusamba m'manja titangothandiza mayi wa mapasa, anandiitana kuti kuofesi kuli foni yanga.

"Ndine uja wogulitsa magalimoto. Pepani ndakusakani kuntchito, bambo sakuyankhanso foni yanga. Kiyi wanu wachiwiri wafika."

"Kiyi wachiwiri wa chiyani?"

"Wa galimoto yanu, mayi. Paja tinakupatsani mmodzi, poti m'makiyimu mumalowanso tizipangizo tija. Akufakitale analamula kuti wachiwiriyu tizipereka m'manja mwa mwini galimoto yekha, ataonetsa chiphaso, chifukwa akuba achuluka. Bambo ndinawauza, koma angoti zii."

Ndinagwira tebulo. Ndinafunsa kuti galimotoyo inafika liti, ndipo mwezi umene anatchula unali wakale kuposa tsiku limene ababa anagwa m'matope.

Ndinapita komweko ndi yunifolomu yanga. Mayiyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana chiphaso, n'kundiyang'ananso.

"Koma si inu munabwera kudzatenga."

"Anabwera ndani?"

Ananditengera ku khoma la pafupi ndi khomo. Anthu amenewa ali ndi kachitidwe kawo: aliyense wotenga galimoto yatsopano amamujambula ataima pambali pake, galimoto itamangidwa riboni wamkulu wofiira, chithunzi n'kuchipachika pakhoma kuti ena odikira asataye mtima. Chala chake chinayenda n'kuima pa chithunzi china. Aphunzitsi anali pamenepo, atavala jekete imene ndinawasitira ndekha, mano onse ali pamtunda. Dzanja lawo linali m'chiuno mwa mkazi, ndipo mkaziyo anali atakweza kiyi m'mwamba.

Sindinakomoke. Azamba sitikomoka, taona zambiri. Ndinangomva kuzizira kuchokera kumapazi, kenako ukali umene sindinaumvepo chibadwire.

"Anandiuza kuti ndi akazi awo, ndipo nkhope yanu ndinali nditaiiwala," mayiyo ananong'ona. "Ndikhululukireni. Ndiitane apolisi?"

"Ayi. Kuti kiyi ameneyu agwire ntchito pamafunika chiyani?"

"Galimoto ibwere kuno pamodzi ndi kiyi woyamba. Makaniko amalumikiza makiyi onse awiri ku kompyuta ya galimoto nthawi imodzi, akatha amawapereka kwa mwini wake."

"Onse awiri?"

"Onse awiri."

"Ndiye musungeni. Musaimbirenso munthu aliyense mpaka ine nditakuuzani."

Anatsegula kabati n'kuikamo kiyi uja. Anati nayenso anakwatiwapo.

4

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinabwerera kunyumba, ndinaphika, ndinawatengera Aphunzitsi madzi osamba. Ndinawafunsanso ndi mawu ofewa ngati tiubongo tafika, iwo n'kuusa moyo kuti dziko lavuta. Bodza linkawatuluka mosalala ngati mafuta, moti ndinachita kuwasirira luso.

Koma ndinayamba kuchedwa kufika pakhomo. Ndikaweruka masana sindinkapita kunyumba. Ababa ndinkawasiya ndi mayi woyandikana nafe, ine n'kuzimiririka, kubwera dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu, nthawi zina ndikumwetulira ndekha. Tauni ilibe chinsinsi. Posakhalitsa mphekesera inafika kwa apongozi kuti mkazi wa Aphunzitsi akumaoneka m'galimoto ya mwamuna wina wadazi, kuseri kwa bwalo la mpira, kumene kulibe anthu.

Mlamu wanga, mchemwali wawo wa Aphunzitsi, anabwera kudzandizonda.

"Mlamu, anthu akulankhula. Achimwene akusowa chiyani kuti muwachite zimenezi?"

"Afunseni iwowo chimene akusowa, alamu. Mwina akuuzani."

Aphunzitsi anapsa mtima mpaka misempha inatuluka m'khosi. Anamenya tebulo, makapu n'kudumpha.

"Ine ndikuvutika kukusakira galimoto, iwe uli kalikiliki kukwera za amuna ena? Ndi ndani ameneyo?"

"Mudzamudziwa."

"Ulibe manyazi?"

"Anandithera, bambo. Mwina akubwera limodzi ndi tiubongo."

Munthu wakuba akaberedwa amalira kuposa wina aliyense. Anasiya kudya chakudya changa, anayamba kugona chofulatira, ndipo kutchalitchi amayi ena anasiya kundipatsa moni. Zinkandipweteka, ndisaname. Dzina la mzamba ndi chuma chake, palibe amene amafuna kuti mwana wake alandiridwe ndi manja a mkazi wachiwerewere. Koma ndikayang'ana ababa akulimbana ndi supuni ndi dzanja lamanzere, ndinkaluma mano n'kupitiriza.

Ababa okha ndi amene sanandifunse kanthu. Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta kumsana anangoti, "Mwanawe, chimene ukuphikacho usapsereze."

M'mawa uliwonse ndinkakwerabe galimoto yoyera ija. Ndinkapukutabe nsapato. Ndinkanenabe zikomo kawiri.

5

Tsiku limene ndinakonzeka, ndinaimbira mayi uja. Iye anatumizira Aphunzitsi uthenga woti abwere ndi galimoto ndi kiyi woyamba, za chiphaso asadandaule, zakonzeka. Sananame.

Ndinafika msanga n'kukhala m'kachipinda ka magalasi akuda, momwe ndinkaona bwalo lonse koma ine osaoneka. Munali anthu ambiri tsiku limenelo, ena odzatenga makiyi awo, ena odzafunsa za magalimoto amene sanafikebe. Dzuwa lili pamutu, galimoto yoyera inalowa pageti. Aphunzitsi anatsika mbali ya wokwera. Mbali ya woyendetsa kunatsika Nsidze, atavala nsapato zazitali, kiyi wanga akulendewera pachifuwa pake.

Inde, abale anga. Miyezi yonse ija ndinkapukuta nsapato kuti ndikwere galimoto yanga yomwe. Ndinkathokoza, ndinkagula zipatso. Ababa anakanizidwa mipando imene inagulidwa ndi puloti ya akazi awo. Anthu awiriwa anadziwana pa ntchito, Aphunzitsi akumuphunzitsa Nsidze kuyendetsa, ndipo maphunzirowo anapitirira mpaka kuseri kwa saluni.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nsidze anavula kachingwe kaja n'kupatsa makaniko akuseka, n'kumuuza kuti afulumire poti ali ndi makasitomala. Makaniko analumikiza kompyuta yake, magetsi a galimoto anaphethira, ndipo atamaliza anabwera ndi makiyi awiri m'dzanja.

"Mwini galimoto ndi ndani?"

Nsidze anatambasula dzanja. Ine ndinatsegula chitseko.

"Ndine."

Ndinaika chiphaso patebulo. Mayi wogulitsa anawerenga dzina langa mokweza, mokweza kuposa mmene zinkafunikira, n'kutenga makiyi kwa makaniko kuwaika m'manja mwanga. Nsidze, kwa nthawi yoyamba, nkhope yake inagwirizana ndi nsidze zake.

"Asisi, ndikufotokozereni..."

"Malume ako akunja ndi awa? Ndiye ndife pachibale, sindinkadziwa."

Anthu anayamba kuyandikira. Aphunzitsi anandigwira pamkono n'kutsitsa mawu.

"Mayi, tiyeni tikakambirane kunyumba. Musachite zimenezi pano."

Taonani, tsiku limenelo ndinasanduka mayi, ndinasanduka inu.

"Chithunzi munajambulitsa pano, bambo, tikambirana pano. Auzeni anthuwa kuti tsiku limene ababa anagwa m'matope galimoto iyi inali kuti."

Anayang'ana pansi. Kenako, poona kuti kunyengerera sikukuthandiza, anabwerera ku chida chawo chakale. Anaseka mwachipongwe n'kuyang'ana amuna anzawo kuti awathandize.

"Chabwino, makiyi watenga. Ndiye uyisenza pamutu? Mkazi uyu sadziwa ngakhale kumene kuli buleki. Bweretsa kuno ndikakusiye kunyumba."

Apa ndi pamene ankadalira kuyambira pachiyambi. Mkazi wosadziwa kuyendetsa, ngakhale atadziwa zoona, adzapita nayo kuti galimoto? Ndinatsegula kachikwama n'kutulutsa laisensi yanga, yatsopano, n'kuwaonetsa pafupi ndi mphuno.

"Mwamuna wadazi uja mumafuna kumudziwa ndi mnzanu wa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto ya kutsidya kwa msika, amene mumati sadziwa kuphunzitsa. Kuseri kwa bwalo la mpira n'kumene amaphunzitsira ribesi. Akuti ndikupatseni moni, ndiponso akuti ophunzira amantha sanawaonepo, anangoonapo aphunzitsi aulesi."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Ndinatsegula galimoto, ndinatulutsa mawigi, tizikwama ndi nsapato zimene zinali kumbuyo, n'kuziika bwinobwino pansi, poti ine si wakuba. Ndinakhala pampando, ndinaukokera kutsogolo, ndinakonza magalasi. Malo anali opanikiza, mbali iyi chipilala, mbali iyo galimoto ya eni yatsopano. Ndinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka ndinatuluka osakhudza kanthu. Pagalasi ndinawaona awiriwo ataima padzuwa pakati pa mawigi, ndipo mayi wogulitsa anali akuchotsa chithunzi chija pakhoma.

6

Ababa ndinawapeza pakhonde. Ataona amene akutsika mbali ya woyendetsa, anayesa kuimirira, kuiwala kuti mwendo sulola.

"Tiubongo tafika?"

"Tinafika kalekale, ababa. Tinangosochera."

Sanafunse zambiri, ndikuganiza kuti anali atazindikira kale. Ndinawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo, ndinawamanga lamba. Popinda chikuku kuti ndichilowetse kumbuyo, chitsulo chinakala mpando, mzere wautali ndithu. Ndinauyang'ana mzerewo ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Ulipobe mpaka lero, ndinakana kuukonzetsa.

Sitinapite kuchipatala tsiku limenelo, tinangozungulira tauni. Tikudutsa pasiteji pamene anagwera paja, ababa anati nditsitse galasi. Anatulutsa dzanja lawo lamanzere n'kubayibitsa makondakitala ngati nduna.

Madzulo ake akuluakulu a kwa amuna anga anadzaza pabalaza. Malume awo anati mwamuna ndi mwana, amalakwa. Apongozi anati nkhani za m'nyumba sazitengera kumsika. Mlamu anati ndikanangotenga galimotoyo mwakachetechete, bwanji kuchititsa munthu manyazi chonchija. Ndinawamvetsera onse mpaka anatopa, kenako ndinawauza kuti chibwenzi chokha mwina ndikanakhululuka, poti akazi ambiri akhululukapo zoposa pamenepa. Koma munthu amene anaona apongozi ake atathyoka nthiti, galimoto ili pa saluni, n'kumatukwana azungu, ameneyo sindingagonenso naye chipinda chimodzi. Zovala zawo ndinali nditalongedza kale. Ndinadzipereka kuwaperekeza pa galimoto, koma anakana.

Inu owerenga, makamaka akazi anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti ndinaonjeza. Mwina. Ena mukuti ndinasewera ndi dzina langa polola kuti anthu andiyese wachiwerewere. Zoona, ndipo alipo amene mpaka lero amakhulupirira za wadazi uja, poti bodza limathamanga kuposa kukonza kwake. Sindikupepesa. Kusowa kwa tiubongo kunali kwenikweni, anthu ambiri anadikiradi magalimoto awo popanda wowanamiza, n'chifukwa chake bodza la amuna anga linakhala nthawi yaitali chonchija: linabisala kumbuyo kwa vuto loona. Chimene ndikukupemphani n'chakuti chinthu chikalembedwa m'dzina lanu, nambala ya foni izikhalanso yanu. Ndipo munthu akamakuuzani chaka ndi chaka kuti ndinu amantha, simungathe, mudzifunse kuti iyeyo akupindula chiyani ndi kusatha kwanuko.

Ababa anayambiranso mafizo, ndipo sitidumphitsa. Mwendo sunadzuke wonse, madokotala akuti tinachedwa, koma pano amayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kufika pagalimoto. Kiyi woyamba ndimasunga ine. Wachiwiri anamulanda iwo, amamumangirira ku ndodo yawo. Kuyendetsa sangathe, koma m'mawa uliwonse ndi iwo amene amadina batani kuti zitseko zitseguke, ndipo ndikachedwa kuvala nsapato amandikalipira kuti dalaivala wawo ndi waulesi.